KUSANKHA NSAMBO ZA GITALA LA MAGETSI

Zaka zingapo zapitazo ndidaitanidwa ku ukwati wa mwana wa mnzanga amene tidaphunzitsa naye pa sukulu imodzi. Amene adapatsidwa ntchito yosangalatsa anthu tsikulo adali anyamata asanu amene adali atangolemba kumene mayeso a Fomu 4. Zida adachita kubwereka ku tchalitchi kwao, koma nsambo za gitala la lidi adagula okha dzulo lake pa sitolo ina ya m'tauni, atachita kusonkherana. Paketi yake idali yokongola, dzina lolembedwa pamwamba lidali la kampani yotchuka ya ku America, ndipo mtengo udali wotsika kotero kuti anyamatawo adadziyesa amwayi. Nthawi ya perekani-perekani itakwana, azimai a kuchikazi atangoimirira ndi ndalama m'manja, nsambo yoyamba idaduka. Mnyamata wa lidi adamangapo ina msangamsanga, koma nyimbo itayambanso aliyense wa makutu adamva kuti china chake chidapotoka. Akaimba chakumutu kwa gitala mau ankamveka bwino, koma akangosendera chakufupi ndi mimba yake, kumene kumakhala mau okwera, gitalalo linkalira ngati likutsutsana ndi anzake. Madzulo ake a komiti ya ukwati adadula malipiro ndi theka, ndipo bambo wina amene adali atalonjeza kuwaitana mwezi wotsatira adasintha maganizo.

Anyamatawo adanyozedwa kuti sadziwa kuimba, chonsecho vuto silidali m'zala mwao ai. Ndaona kuti nkofunika kulemba za nkhani imeneyi chifukwa achinyamata ambiri amene atsiriza sukulu amapezako kangachepe poimba m'maukwati ndi m'misonkhano ya mipingo, ndiponso chifukwa pa sukulu zimene zili ndi zida zoimbira, amene amasunga makiyi a kabati ndi kutumidwa kukagula zosoweka amakhala mphunzitsi, amene mwina sadagwirepo gitala chibadwire. Pa zonse zimene zili pa gitala la magetsi nsambo ndiyo yotsika mtengo, koma ndiyo imene imabala mau. Thabwa, mawaya ndi chimkuzamau zimangolandira chimene nsambo yapereka.

Tiyambe taona mmene gitala lotere limalirira. Pansi pa nsambo pali kachipangizo kotchedwa pikapu. M'kati mwake muli maginito ozungulizidwa maulendo zikwi zingapo ndi waya wa mkuwa woonda ngati tsitsi. Nsambo ya chitsulo ikamanjenjemera pamwamba pa maginitowo imasokoneza mphamvu yake, ndipo m'waya muja mumabadwa magetsi ochepa zedi amene amakwera ndi kutsika motsatira kunjenjemera kwa nsamboyo. Magetsi amenewo ndiwo amapita ku amplifaya kukakuzidwa. Aphunzitsi a sayansi azindikira pamenepa chimene Michael Faraday adatulukira mu 1831, chimene George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker adachigwiritsa ntchito pa magitala amene adayamba kugulitsa ku Los Angeles mu 1932. Tanthauzo lake kwa wogula ndi lakuti nsambo iyenera kukhala ya chitsulo chimene maginito amakoka. Nsambo za nayiloni sizingatulutse mau ngakhale pang'ono pa pikapu yotere. Nsambo zooneka ngati golide, zimene zimapangidwira gitala wamba losalira magetsi, zimakulungidwa ndi mkuwa umene maginito saudziwa, motero zikamangidwa pa gitala la magetsi nsambo zoonda zimafuula pamene zonenepa zikungonong'ona. Wogulitsa akakuuzani kuti nsambo ndi nsambo basi, dziwani kuti iyeyo saimba.

Ambiri a ife tidakula tikuona banjo ya chigubu cha mafuta, yomangidwa nsambo zosomola ku waya wa buleki ya njinga, ndipo sindifuna kunyoza luso limenelo, pakuti oimba ambiri a dziko lino adayambira pomwepo. Komatu khosi la banjo yotere mwini wake amalisema yekha, nasuntha timitengo topingasa mpaka khutu lake litavomera. Gitala la ku fakitale silitero. Tizitsulo topingasa pa khosi lake, timene oimba amatitcha mafureti, tidakhomedwa pa malo owerengedwa ndi masamu, ndipo masamuwo amayembekezera kuti nsambo ikhale yofanana kunenepa ndi kulemera kuchokera ku mutu mpaka ku buriji, kumene imatsamira pa mimba ya gitala.

Masamu amenewa ndi akale. Wansembe wina wa ku France, Marin Mersenne, adawalongosola mu 1636. Kukwera kapena kutsika kwa mau a nsambo kumadalira zinthu zitatu: kutalika kwake, kukungika kwake, ndi kulemera kwake. Mukafupikitsa nsambo ndi theka, imanjenjemera mofulumira kawiri. Koma kuti ifulumire kawiri mwa kuikunga kokha, muyenera kuikoka ndi mphamvu yochuluka kanayi. Nsambo yonenepetsetsa ya gitala, ya chisanu ndi chimodzi, imanjenjemera maulendo 82 pa sekondi, pamene yoyamba, yoondetsetsa, imanjenjemera pafupifupi maulendo 330, chonsecho zonse nzofanana kutalika. Chimene chimasiyanitsa kwenikweni ndi kulemera.

Kunenepa kwa nsambo kumayezedwa m'magawo a inchi imodzi itagawidwa pa 1,000, ndipo paketi imatchedwa ndi nambala ya nsambo yake yoyamba. Paketi ya nambala 9 kawirikawiri imakhala ndi nsambo za 9, 11, 16, 24, 32 ndi 42. Ya nambala 10 imakhala ndi 10, 13, 17, 26, 36 ndi 46. Kusiyana kwa 9 ndi 10 kukuoneka kochepa, pakuti nsambo ya 10 yangopitirira pang'ono gawo limodzi la magawo anayi a milimita, koma zala zimakumva. Pa gitala la mtundu wa Fender Stratocaster, limene nsambo zake zimatalika mainchi 25.5, nsambo yoyamba ya nambala 9 imakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 6, ya nambala 10 makilogalamu opitirira 7, ya nambala 11 pafupifupi 9. Mphunzitsi wa masamu angathe kupatsa ana ake funso limeneli: 10 kuchulukitsa ndi 10 ndi 100, 9 kuchulukitsa ndi 9 ndi 81, ndipo kusiyana kwa ziwirizi ndiko kusiyana kwa kukoka kwake. Paketi yonse ya nambala 10 imakoka khosi la gitala ndi mphamvu yoposa makilogalamu 40 usana ndi usiku, kungotsala pang'ono kufika pa thumba la chimanga. Gitala la mtundu wa Gibson Les Paul ndi lalifupiko, mainchi 24.75, choncho nsambo zomwezo zimamveka zofewerapo.

Kale woimba sankakhala ndi mwayi wosankha wotere. M'zaka za m'ma 1950 mapaketi adali a nsambo zonenepa zokhazokha, ndipo oimba ofuna kukankha nsambo ndi chala kuti ilire ngati munthu wodandaula, monga James Burton, ankagula nsambo za banjo kuti zikhale zoyambirira, nasuntha zinazo, ndi kutaya yonenepetsetsa. Mphunzitsi wina wa gitala amene adali ndi sitolo ku Tarzana m'chigawo cha California, Ernie Ball, adaona kuti ophunzira ake akulephera kudinikiza nsambo. Adapempha kampani ya Fender kuti ipange zoonderapo koma idakana, ndipo iye adakapangitsa zake, zimene mu 1962 adayamba kugulitsa m'dzina lakuti Slinky. Kusanja nsambo m'mapaketi a manambala osiyanasiyana kudafala kuchokera pamenepo.

Pali mkangano umene sutha pakati pa oimba, wakuti nsambo zonenepa ndizo zili ndi mau amphamvu ndipo zoonda ndi za ana. Otsatira ganizo limeneli amatchula Stevie Ray Vaughan wa ku Texas, amene ankaimba ndi nambala 13, ngakhale amaiwala kunena kuti iye ankatsitsako gitala lake pochuna kuti nsambo zifewe. Otsutsa amatchula Billy Gibbons wa gulu la ZZ Top, amene adasiya zonenepa B.B. King atamfunsa chifukwa chimene ankadzivutitsira chotero. Amatchulanso Tony Iommi wa ku Birmingham, amene makina a m'fakitale adamudula nsonga za zala ziwiri ali ndi zaka 17, ndipo pofuna kupitiriza kuimba adagwiritsa ntchito nsambo zoonda kwambiri, koma gulu lake la Black Sabbath lidatchuka ndi mau olemera koposa. Ine kuona kwanga mkanganowu ndi wa anthu okhuta. Wophunzira ayambe ndi nambala 9 kapena 10, ndipo akapeza imene zala zake zagwirizana nayo akhazikike pomwepo. Chifukwa chake nchakuti gitala limakonzedwa molingana ndi nsambo zake. Mukachoka pa 9 kupita pa 11, khosi limapindikira kutsogolo, nsambo zimatalikirana ndi mafureti, timipata ta kumutu timachepa, ndipo pa gitala lokhala ndi masipuling'i kumbuyo buriji imanyamuka. M'kati mwa khosi muli chitsulo chowongolera chimene chimapotokoledwa ndi kasipanala, koma ntchito imeneyo isiyireni wodziwa, pakuti makosi ambiri adaonongeka ndi anthu a changu.

Nsambo zitatu zoonda zimakhala waya umodzi wa chitsulo, koma zitatu zonenepa zimakhala ndi mtima wa chitsulo umene waya wina adauzunguliza. Zidatero chifukwa waya umodzi wonenepa mokwanira kutulutsa mau otsika ukadakhala wouma ngati sipoko ya njinga, wosatha kunjenjemera bwino. Kukulunga kumaonjezera kulemera popanda kuumitsa. Mtima wa nsambo zambiri masiku ano uli ndi ngodya zisanu ndi imodzi monga pensulo, kuti waya wokulungawo ulume pa ngodyazo osatsetsereka. Waya wakunjawo umasiyana. Wofala koposa ndi chitsulo chokutidwa ndi nikelo, ndipo kwa woimba wa mu tchalitchi kapena wa m'maukwati umenewu ndi wokwanira. Nikelo weniweni, amene ankagwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1950, ali ndi mau ofatsa. Chitsulo chosachita dzimbiri chili ndi mau akuthwa ndipo chimapirira thukuta, koma chimadya mafureti msanga. Zilipo zina zosalala zimene oimba jazi amakonda, ndiponso zokutidwa ndi kapulasitiki kosaoneka ndi maso, zimene kampani ya W. L. Gore idatulutsa mu 1997 m'dzina lakuti Elixir. Zimenezi zimakhalitsa koma mtengo wake ndi wokwera.

Tsono tifike pa chimene chidagwetsa anyamata a ku ukwati aja. Nsambo yabwino ndi imene ili chimodzimodzi paliponse m'litali mwake, ndiponso imene paketi ya lero ikufanana ndi ya chaka chatha. Waya ukakhala wonenepa kwina ndi woonda kwina, kapena wokulungawo ukathinana pena ndi kutayana pena, theka limodzi la nsambo limalemera kuposa linzake. Nsambo yotere mungathe kuichuna bwinobwino isadadinikizidwe, koma mukangoidinikiza pa fureti, mbali imene yatsala ikunjenjemera siikhala ndi kulemera kumene masamu aja adayembekezera, ndipo mau amaphonya. Kuyesa kwake nkosavuta. Fureti ya 12 ili pakati penipeni pa nsambo. Khudzani nsambo pamwamba pa fureti imeneyo ndi nsonga ya chala osadinikiza, muikodole, ndipo mudzamva kaliu koyera ngati ka belu. Kenaka dinikizani pomwepo ndi kukodolanso. Mau awiriwo ayenera kufanana. Akasiyana pang'ono, kachitsulo ka pa buriji kamene nsambo yatsamirapo kamasunthidwa ndi sikuludiraiva: mau odinikiza akakwera kupitirira, kabwezeni m'mbuyo kuti nsambo italike, akatsika kasendezeni kutsogolo. Koma mukasuntha mpaka kumapeto osagwirizanabe, kapena mukaona kuti singano ya chochunira ikungoyendayenda osakhazikika, pamene nsambo zinazo zili bwino, nsamboyo njabodza ndipo palibe mmisiri angaichize.

Nkhani imeneyi imatikhudza ife kuno koposa oimba ena, chifukwa cha nyimbo zimene timakonda. Woimba amene amangogwira makodi atatu chakumutu kwa gitala angathe kutha chaka osadziwa kuti nsambo yake ndi yopotoka. Koma rumba ya ku Congo ndi sungura ya ku Zimbabwe, monga ija ya Nicholas Zakaria ndi Khiama Boys imene nyimbo zake zina zidaimbidwa m'Chichewa, zimaimbidwa kumtunda kwa fureti ya 12, nsambo ziwiriziwiri nthawi imodzi, ndi mau oyera opanda chobisa. Kumeneko mafureti ali pafupipafupi, ndipo kulakwa kochepa kumamveka mpaka kunja kwa holo. Oimba rizimu a ku Kinshasa adafika pochotsa nsambo yachinayi yokulungidwa ndi kumangapo yoonda, yochunidwa pa liu lomwelo koma lokwera, njira imene amaitcha mi-composé ndipo Lokassa ya Mbongo adatchuka nayo. Wofuna kuyesa zimenezi ayenera kugula nsambo yoyamba yapadera.

Makampani amene adapanga mbiri pa nsambo adaipanga chifukwa cha kusasinthasintha kumeneku. Banja la D'Addario lidachokera m'mudzi wa Salle ku Italy, kumene makolo ao ankapota nsambo za matumbo a nkhosa kuyambira m'zaka za m'ma 1600. Ena a iwo adasamukira ku New York mu 1905, ndipo mu 1974 adayamba kugulitsa nsambo m'dzina laolao. GHS idayamba mu 1964 ku Battle Creek m'chigawo cha Michigan. Ku England kuli Rotosound, imene mwini wake James How adathandizana ndi John Entwistle wa gulu la The Who mu 1966 kukonza nsambo za bezi za mau owala. Sindikutchula maina amenewa pofuna kutsatsa malonda a munthu, ndipo nsambo zabwino zimapangidwanso m'maiko ena pa mtengo wotsikirapo. Ndawatchula chifukwa maina otchuka ndiwo amene akuba amakonda kubera. Paketi ya nsambo njosavuta kusindikiza, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nanga wogula adziteteze bwanji? Choyamba ndi mtengo. Nsambo zimenezi zimachokera kunja, zimalipiridwa ndi ndalama zakunja, zimakwera ndege kapena sitima ndi kudulidwa msonkho. Mukapeza paketi ya dzina lalikulu ikugulitsidwa pa theka la mtengo wa m'masitolo ena onse, wina wake wanama. Kuli bwino kugula nsambo za dzina losadziwika zimene zikunena zoona za kumene zidachokera, kusiyana ndi zovala dzina la eni ake. Penyetsetsani zilembo, pakuti achinyengo amaphonya kalembedwe ka mau ndipo utoto wao umakhala wothimbirira. Makampani ambiri amatsekera nsambo m'kathumba kosalowa mpweya, ndipo a D'Addario adayamba kusindikiza pa kathumbako nambala imene wogula angaitsimikize pa intaneti ndi foni yake ali m'sitolo momwemo. Musachite manyazi kupempha kuti muone m'kati, mbewa ya manyazi idafera kuuna. Nsambo yatsopano iyenera kunyezimira, yopanda timadontho takuda, ndipo mukaiyendetsa pakati pa zala ziwiri isamveke mabampu. Onaninso kumapeto kumene kuli kamkanda ka chitsulo: waya wopotedwa pamenepo ukhale wothina ndi waudongo. Amene ali pafupi ndi sukulu ya ntchito za manja, monga ya Soche, Nasawa kapena Namitete, kapena ndi galaja ya mmisiri wosamala, angathe kupempha kuyeza nsambo ndi maikuromita pa malo atatu kapena anayi. Nambala ikhale imene yalembedwa pa paketi, ndipo ikhale yomweyo ponseponse.

Komabe tisamangoloza chala wogulitsa nthawi zonse. Malo amene nsambo yadukira amaulula wolakwa. Ikamasuka pa kamkanda kaja, mlandu ndi wa amene adaipanga. Ikamaduka pa buriji nthawi ndi nthawi, ndipo ili nsambo yomweyomweyo, ndiye kuti kachitsulo kotsamirapo kadakumbika ndipo kali ndi mpeni wosaoneka, umene umafunika kuusalaza ndi sandipepa yosalala kwambiri. Ikaduka kumutu, yang'anani m'mphepete mwa kabowo ka chokungira. Ikaduka pakati, kawirikawiri imakhala yokalamba: itembenuzeni ndipo mudzaona timabala pamene yakhala ikugunda mafureti.

Mdani wamkulu kuno kwathu ndi dzimbiri. Thukuta lili ndi mchere, ndipo woimba wa ku Nsanje kapena ku Nkhotakota mwezi wa Novembala amasambitsa nsambo zake m'madzi a mchere nyimbo iliyonse. Nyengo ya dzinja chinyezi chimalowa ngakhale m'kabati yokhoma, kotero kuti paketi yotsegula imene yagona m'sitolo miyezi yambiri imakhala itaonongeka isadagulidwe. Sambani m'manja musadagwire gitala, makamaka mukadya chipisi kapena kanyenya, ndipo mukatsiriza pukutani nsambo iliyonse ndi kansalu kouma, pansi pake pomwe, pakuti litsiro limabisala kumeneko. Oimba bezi, amene nsambo zao ndi zodula kwambiri, ali ndi chizolowezi chakale choziwiritsa m'madzi. Nzoona kuti zimatsuka litsiro ndipo mau amabwerera masiku angapo, koma chitsulo chotopa sichitsitsimuka ndi madzi otentha, ndipo mukapanda kuziumitsa bwino mwaitana dzimbiri m'kati.

Pomanga zatsopano sinthani paketi yonse, chifukwa nsambo imodzi yowala pakati pa zisanu zakufa imamveka ngati mlendo. Zokulungidwa zizungulire chokungira kawiri kapena katatu, zoonda kanayi kapena kasanu, mizere ikutsikira pansi osakwerana. Mukachuna, kokani nsambo iliyonse pang'onopang'ono ndi zala, muchunenso, ndi kubwereza mpaka italeka kutsika. Chitani zimenezi masiku awiri kapena atatu usadafike ukwati, osati m'mawa wake, kuti nsambo yabodza ionekere mukadali ndi nthawi yobwerera ku sitolo. M'chikwama musasowe nsambo yoyamba ndi yachiwiri zapadera, za nambala yomweyo. Kwa aphunzitsi osunga zida za sukulu, kabuku kakang'ono kolembamo tsiku losinthira, dzina la nsambo, nambala yake ndi kumene zidagulidwa kadzakuuzani pakutha pa chaka sitolo imene ikukudyerani ndalama za makolo.

Pali chinthu china chimene sindingachisiye ngakhale sichikhudza kugula. Nsambo za gitala la magetsi zidalumikizidwa dala, kudzera pa buriji ndi chingwe, ku chitsulo cha amplifaya, pofuna kuchepetsa kulira kwa ng'ung'ung'u. Amplifaya ikakhala yoonongeka m'kati, kapena pulagi yake ikakhala yodulidwa mwendo wachitatu, kapena mawaya akangolowetsedwa m'soketi ndi timitengo ta machesi monga timaonera m'maholo ambiri, magetsi onse a m'khoma angathe kufika m'zala za woimba. Leslie Harvey wa gulu la Stone the Crows adafera pa nsanja ku Swansea mu 1972 atakhudza maikolofoni yolumikizidwa molakwika, ndipo Keith Relf, amene adali woimba wa The Yardbirds, adafa mu 1976 akuimba gitala m'nyumba mwake. Mukamva nsambo zikuluma zala, kapena maikolofoni ikukutsinani pa mlomo mutagwira gitala, zimitsani pa khoma nthawi yomweyo ndipo muitane wa zamagetsi. Za amplifaya ndi mawaya ake tidzakamba m'chigawo chotsatira.